Shuga wa 22 kapena wa 400? Kumvetsa miyezo ya mphamvu ya mankhwala ndi zotsatira za magazi

Nkhani ya lero inayamba ndi foni. Usiku wina nditangoweruka kuntchito, amayi ena a ku Wolverhampton omwe timapemphera nawo anandiimbira mtima uli m'mwamba. Iwowa anagula kamakina koyezera shuga kuno n'kutumiza kumudzi kwa bambo awo okalamba. Tsiku limenelo mdzukulu anawayeza agogowo, kamakina n'kuonetsa 22.4. Mnyamatayo anakumbukira zomwe anamva kuchipatala cha kwawoko, zoti shuga akatsika kufika pansi pa 70 munthu akhoza kukomoka, ndiye anathamanga kukasungunula shuga m'kapu kuti agogo amwe. Mwamwayi anayamba waimba kaye foni kwa azakhali ake.

Ine ndinafunsa funso limodzi basi: kodi pambali pa nambalayo palembedwa timalemba totani? Yankho linali mmol/L. Apa ndiye kuti shuga wa agogo sanatsike ayi, anali atakwera koopsa. Pa muyezo womwe mnyamata uja anazolowera, 22.4 ameneyu ndi 400 ndi kanthu. Madzi a shuga aja anatayidwa, agogo anathamangira nawo kuchipatala usiku womwewo, ndipo anathandizidwa.

Mnyamata uja nambala anaiwerenga bwinobwino. Chomwe sanaone ndi timalemba tapambali paketo. Ife amene tili ndi mwendo umodzi kuno wina kumudzi, tikutumiza mankhwala, kulandira zithunzi za mapepala a kuchipatala pa WhatsApp, ndipo ambiri tikugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, msampha umenewu tikuuponda tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ndati ndilembeko miyezo yonse ikuluikulu pamalo amodzi kuti muzibwererapo mukafuna.

KUKOLERA NDI KUSUKULUKA

Nzeru yake tonse tili nayo kale kuchokera kukhitchini. Masupuni awiri a shuga m'kapu imodzi, tiyi wakolera. Masupuni awiri omwewo muketulo yodzadza, tiyi alibe shuga. Sobo mukathira madzi ambiri amasukuluka, mukathira ochepa amatsekemera mpaka kukhosi. Mphamvu ya chosungunula chilichonse imafuna nambala ziwiri: kuchuluka kwa chinthu chomwe mwathira, ndi kuchuluka kwa madzi omwe chinthucho chalowamo. Magazi nawonso ndi chimodzimodzi, ndi madzi omwe musungunuka shuga, mchere ndi zina zambiri, ndipo a kulabu akamayeza amafuna kudziwa kuti m'lita imodzi muli zochuluka bwanji.

Kukhitchini timalawa ndi lilime. Kuchipatala lilime siligwira ntchito, ndipo mzinda wathu uno wa Birmingham uli ndi mbiri pa nkhaniyi. Dokotala William Withering, yemwe ankagwira ntchito pa Birmingham General Hospital, anamva za mankhwala azitsamba omwe anthu a ku Shropshire ankachizira matenda otupikana thupi. Iye anapeza kuti mphamvu yake ikuchokera ku duwa lotchedwa foxglove. Vuto linali loti ukapereka ochepa sagwira, ukapereka ambiri munthu amasanza, mtima n'kuyamba kugunda mosokonekera. Withering anatha zaka pafupifupi 10 akuumitsa masamba, kuwasinja, kuyeza mlingo ndi kulemba zomwe zachitikira wodwala aliyense, ndipo mu 1785 anasindikiza zomwe anapeza. Mankhwala a mtima otchedwa digoxin omwe timapereka lero amachokera ku mtundu wa duwa lomwelo, ndipo mpaka pano mlingo wake ndi waung'ono kwambiri moti timauwerenga m'mamaikulogalamu: 62.5, 125 kapena 250. Tsamba ndi lomwelo, chosiyanitsa mankhwala ndi poizoni ndi muyezo.

MASITEPE A MIYEZO

Tisanapite patali, tigwirizane pa masitepe awa, poti zonse zikutsamira pomwepa.

Galamu imodzi, yolembedwa g, ndi mamiligalamu 1,000.
Miligalamu imodzi, yolembedwa mg, ndi mamaikulogalamu 1,000.
Lita imodzi, yolembedwa L, ndi mamililita 1,000.
Desilita imodzi, yolembedwa dL, ndi mamililita 100, kutanthauza kuti m'lita muli madesilita 10.
Supuni yaing'ono ya muyezo ndi 5 ml, koma masupuni a m'nyumba mwathu amasiyanasiyana kukula.

Onani kuti kuchoka pa mg kupita pa maikulogalamu ndi kulumpha ka 1,000. Ndiye chifukwa chake m'zipatala za kuno timaphunzitsidwa kulemba mawu oti microgram onse athunthu osadula, chifukwa cholembedwa mothamanga chikhoza kuoneka ngati mg. Timalembanso 0.5 osati .5, poti kadontho kakapanda kuoneka munthu awerenga 5. Komanso sitilemba 5.0, timangoti 5, kuopa kuti wina aone 50.

Kamzere kopendekera kaja, monga mu mg/ml, muzikawerenga kuti "mu". Choncho 10 mg/ml ndi mamiligalamu 10 mu mililita imodzi iliyonse.

MANKHWALA AMADZI: MG MU ML

Makolo ambiri kuno akudziwa Calpol, yemwe ndi paracetamol wa ana, panado uja timati kumudzi. Alipo wa mitundu iwiri. Wa ana aang'ono ali ndi 120 mg mu 5 ml. Wa ana oyambira zaka 6 ali ndi 250 mg mu 5 ml. Supuni ndi imodzimodzi, koma mankhwala omwe alowa m'thupi ndi oposa kuwirikiza kawiri. M'maiko ena mulinso paracetamol wodontheza wa makanda wa 100 mg mu 1 ml, yemwe mphamvu yake ndi yoposa kanayi poyerekeza ndi Calpol wa ana aang'ono. Mlendo akakubweretserani botolo lotere inu n'kupereka 5 ml monga mwa chizolowezi, mwana walandira 500 mg, mlingo wa piritsi lathunthu la munthu wamkulu. Paracetamol wochuluka amaononga chiwindi, ndipo choopsa chake n'choti tsiku loyamba mwana akhoza kuoneka ngati ali bwinobwino.

Amoxicillin wamadzi nayenso amabwera wa 125 mg mu 5 ml ndi wa 250 mg mu 5 ml. Anzanga a m'nyumba zosamalira okalamba, samalani ndi morphine wakumwa: wamba ndi 10 mg mu 5 ml, koma alipo wina wa 20 mg mu 1 ml, yemwe ndi wamphamvu kuwirikiza ka 10.

Kawerengedwe komwe manesi timaphunzira ndi aka: mlingo womwe dokotala walemba, gawani ndi mlingo womwe uli pabotolo, kenako chulukitsani ndi mamililita omwe ali pabotolopo. Dokotala walemba 180 mg, botolo likuti 120 mg mu 5 ml. 180 kugawa ndi 120 ndi 1.5, kuchulukitsa ndi 5 tipeza 7.5 ml. Poyeza gwiritsani ntchito kasirinji kam'kamwa kapena supuni yomwe yabwera ndi botololo. Ikasowa, ku famase amapereka ina mukapempha.

Insulin ali ndi muyezo wakewake, amawerengedwa m'mayuniti. Wodziwika kwambiri ndi wa mayuniti 100 mu 1 ml, koma masiku ano aliponso a 200, a 300 ngakhalenso a 500. Ku India ndi maiko ena kumapezekabe wa mayuniti 40, wokhala ndi sirinji yakeyake. Insulin ndi sirinji zikasemphana, mlingo umasokonekera ngakhale munthu atakoka pa nambala yoyenera. Musakokenso ndi sirinji insulin wa m'cholembera chobayira chija, chifukwa cholemberacho chinapangidwa kuti chiziyeza chokha molingana ndi mphamvu ya insulin ali m'katimo.

PERESENTI

Pa mankhwala amadzi, peresenti kawirikawiri imatanthauza magalamu mu 100 ml. Mudzaona palembedwa w/v. Ndiye 1% ndi galamu imodzi mu 100 ml, zomwe ndi chimodzimodzi 10 mg mu 1 ml. Njira yachidule yake: chulukitsani peresenti ndi 10, mwapeza mg mu ml. Mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine a 2% ndiye kuti ndi 20 mg/ml.

Diripi ya madzi a mchere ija imalembedwa 0.9%, kutanthauza magalamu 9 a mchere m'lita imodzi. Nambala imeneyi inasankhidwa chifukwa ikuyandikana ndi kukolera kwa magazi athu. Madzi osukuluka kwambiri akalowa mumtsempha, maselo amamwa madziwo n'kutupa. Okolera kwambiri amafwetsa maselo. Diripi ya shuga ya 5% ili ndi magalamu 50 m'lita, pomwe ya 50% ili ndi magalamu 25 mu 50 ml chabe. Kuti izi si masamu a m'kalasi okha, mu 2007 bungwe la National Patient Safety Agency linachenjeza zipatala kuti zichotse m'mawodi wamba a ana diripi ya mchere wa 0.18% wosakaniza ndi shuga wa 4%, chifukwa ana ena anamwalira mchere utatsika kwambiri m'magazi, ubongo n'kutupa. Mu 2002 bungwe lomweli linali litalamula kale kuti potassium chloride wamphamvu wa m'timabotolo asamasungidwe mwachisawawa m'mawodi, poti akabayidwa osasungunula amaimitsa mtima.

Palinso kalembedwe kakale ka 1:1,000 ndi 1:10,000, komwe mudzakaone pa adrenaline. 1:1,000 ndi galamu imodzi mu 1,000 ml, ndiye kuti 1 mg mu 1 ml. 1:10,000 ndi 1 mg mu 10 ml. Chosokoneza apa n'choti nambala yaikulu ndiyo yofooka, chimodzimodzi nsima imodzi yogawana anthu ambiri.

Pa mowa peresenti imayeza madzi m'madzi, ndiye amalemba v/v kapena ABV. Botolo la 40% ndiye kuti mu 100 ml muli 40 ml ya mowa weniweni. Kuno yuniti imodzi ya mowa ndi 10 ml ya mowa weniweniwo, ndipo kuti mupeze mayuniti chulukitsani mamililita ndi peresenti n'kugawa ndi 1,000. Painti ya 568 ml ya mowa wa 4% ndi mayuniti 2.3. Malangizo omwe akuluakulu a zaumoyo anatulutsa mu 2016 akuti munthu asapyole mayuniti 14 pa sabata, abambo ndi amayi omwe. Kachasu wakumudzi vuto lake ndi lomweli, alibe nambala pabotolo, ndiye wa mutu ndi wotsalira womwayo amangoziwerenga botolo limodzi. Kwa oyendetsa galimoto, lamulo la 1967 linaika malire pa 80 mg ya mowa mu 100 ml ya magazi, koma Scotland inatsitsa ake kufika pa 50 mg mu Disembala 2014. Mukadutsa Carlisle kulowera kumpoto dziwani kuti muyezo wasintha.

MMOL: KUWERENGA M'MALO MOYEZA KULEMERA

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi, koma si zovuta. Pamsika tomato mukhoza kugula pa sikelo, kapena kuwerenga mmodzimmodzi. Kilogalamu ya tomato wamkulu ndi kilogalamu ya tomato wamng'ono zimalemera mofanana koma chiwerengero n'chosiyana. Thupi lathu nalo limasamala chiwerengero cha tinthu ting'onoting'ono tomwe tasungunuka m'magazi, tomwe asayansi amati mamolekyu, kuposa kulemera kwake. Poti tinthuti n'tosawerengeka ndi maso, anatiika m'mulu umodzi waukulu wotchedwa mole, monga momwe timanenera dazeni pa zinthu 12. Mole imodzi ndi 6 wotsatiridwa ndi manambala ena 23. Muyezo umenewu unalowa m'gulu la miyezo ikuluikulu ya dziko lonse mu 1971. Mukaigawa mole ka 1,000 mupeza millimole, mmol ija.

Mole imodzi ya mchere wa m'ndiwo imalemera pafupifupi magalamu 58.5. Diripi ija ili ndi magalamu 9 m'lita, 9 kugawa ndi 58.5 ndi 0.154, ndiye chifukwa chake pathumba lake pamalembedwa sodium 154 mmol/L. Mole imodzi ya shuga wa m'magazi imalemera magalamu 180. Choncho 1 mmol/L ndi 180 mg m'lita, kapena 18 mg mu desilita. Nambala ya 18 ija imachokera pamenepa.

Shuga wa m'magazi. UK ndi South Africa amayeza mu mmol/L. America ndi India amayeza mu mg/dL, ndipo kumudzi mupeza timakina ta mitundu yonse iwiri molingana ndi komwe tachokera. Kuchoka ku mmol/L kupita ku mg/dL chulukitsani ndi 18, pobwerera gawani ndi 18.

4 mmol/L ndi 72 mg/dL. Pansi pa apa shuga watsika, munthu apatsidwe chotsekemera msanga.
7 mmol/L ndi 126 mg/dL. Munthu asanadye kanthu akafika apa kapena kupyola, madokotala amaganizira matenda a shuga.
11.1 mmol/L ndi 200 mg/dL. Awa ndi malire a kuyeza kwa nthawi ina iliyonse.
22 mmol/L ndi pafupifupi 400 mg/dL, nkhani ya agogo aja.

Chizindikiro china chothandiza: kamakina ka mmol/L kamaonetsa kadontho, monga 6.8, pomwe ka mg/dL kamaonetsa nambala yathunthu, monga 122.

HbA1c. Uku ndi kuyeza komwe kumaonetsa momwe shuga wayendera m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kale kuno ankalemba mu peresenti, koma kuyambira Okotobala 2011 amalemba mu mmol/mol. Maiko ambiri akadali pa peresenti. 42 ndi 6%, 48 ndi 6.5%, 53 ndi 7%, 64 ndi 8%, 75 ndi 9%, 86 ndi 10%. Kuyambira 48 ndi matenda a shuga, ndipo 42 mpaka 47 ndi chenjezo loti muli pakhomo pake. Musasokoneze mmol/mol ameneyu ndi mmol/L wa pa kamakina kobaya chala, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kuchuluka kwa magazi. Kumudzi nesi akati "magazi anu ndi 8" akunena haemoglobin mu g/dL. Malabu a kuno anasamukira ku g/L cha m'ma 2013, ndiye 8 yemweyo kuno ndi 80. Pa malire a World Health Organization, mayi ali ndi magazi ochepa akakhala pansi pa 120 g/L, bambo pansi pa 130, zomwe ndi 12 ndi 13 pa muyezo wakumudzi. Ndinaonapo mayi wina wongofika kumene akusangalala kuti magazi ake ndi 95, chonsecho ndi 9.5 ndipo amafunika mankhwala oonjezera magazi.

Impso ndi mafuta. Creatinine, yemwe amaonetsa kagwiridwe ntchito ka impso, kuno amamulemba mu micromol/L, kwina mu mg/dL. 1 mg/dL ndi pafupifupi 88 micromol/L. Pa cholesterol, 1 mmol/L ndi pafupifupi 39 mg/dL, choncho 5 wa kuno ndi 193 wa uko. Onani kuti nambala yosinthira ndi yosiyana pa chinthu chilichonse. 18 ndi wa shuga yekha, musamutengere kwina.

PPM: ZINTHU ZOCHEPA ZEDI M'MADZI AMBIRI

Chinthu chikakhala chochepa kwambiri peresenti imakhala ndi maziro ambiri, ndiye timanena ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo 1,000,000. M'madzi, 1 ppm ndi 1 mg m'lita, kapena galamu imodzi m'thanki ya malita 1,000. Ndipo 1% ndi 10,000 ppm.

Chitsanzo chili pampopi panu pomwepo. Madzi ambiri a mu Birmingham amachokera kumadamu a Elan Valley ku Wales, m'mapaipi ndi ngalande za mtunda wa mamailosi 73 zomwe zinatsegulidwa mu 1904. Kuyambira 1964 madzi a mzinda uno amathiridwa fluoride kuti afike pafupifupi 1 ppm pofuna kuteteza mano a ana kuti asabooke. World Health Organization imati madzi akumwa asapyole 1.5 mg/L. Kumudzi kuli madera, monga ku Nathenje ku Lilongwe ndi malo ena a m'chigwa cha Shire, komwe madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wachilengedwe wopyola malirewa, ndipo zotsatira zake ndi mano a mawanga ofiirira aja. Chinthu ndi chimodzi, pa 1 chikuteteza mano, chikachuluka chikuwaononga. Mankhwala otsukira mano ali ndi fluoride wochuluka zedi, 1,350 mpaka 1,500 ppm kwa akulu ndi ana oyambira zaka 7, ndipo wa ana aang'ono asachepere 1,000 ppm. Ndiye chifukwa chake mwana wosakwana zaka 3 timangomupakira pang'ono pamswachi, wa zaka 3 mpaka 6 ngati kambewu ka nsawawa, ndipo timalavula osameza.

Kolorini nayenso amayenda ndi miyezo. Madzi akumwa otetezedwa bwino amatsala ndi kolorini wa pakati pa 0.2 ndi 0.5 mg/L. M'zipatala za kuno timapukuta malo ndi 1,000 ppm, koma pomwe pakhetsedwa magazi timathira 10,000 ppm. Kolera yemwe anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 anagwira anthu oposa 58,000 ku Malawi n'kupha oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lathu. M'misasa ya odwala kolera mumakhala zidebe zitatu za kolorini: 0.05% yosambira m'manja, 0.2% yokolopera ndi kutsukira mabedi, ndi 2% yothira m'chimbudzi ndi masanzi a wodwala komanso yokonzera maliro. Mu ppm ndi 500, 2,000 ndi 20,000. Chidebe chikasinthana ndi chinzake, mwina manja apsa, mwina tizilombo tipulumuka.

Posungunula bulitchi wa m'botolo kawerengedwe kake ndi aka: peresenti ya pabotolo gawani ndi peresenti yomwe mukufuna, chotsanipo 1, yankho ndi makapu a madzi pa kapu imodzi ya bulitchi. Jik wa 3.5% mukufuna 0.5%: 3.5 kugawa ndi 0.5 ndi 7, kuchotsa 1 ndi 6. Kapu imodzi ya Jik, makapu 6 a madzi. Bulitchi wa 5% mukufuna 0.1%, yemwe ndi 1,000 ppm uja: kapu imodzi, makapu 49 a madzi. Yambani mwaona peresenti pabotolo chifukwa mabotolo amasiyana. Wosungunula kale amatha mphamvu, makamaka padzuwa, choncho pangani watsopano tsiku lililonse. Bulitchi musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira kutoileti, amatulutsa mpweya wa poizoni. Ndipo bulitchi wolimba wonunkhiritsa wa m'mashopu a kuno si wothira m'madzi akumwa. Ntchito imeneyo ndi ya WaterGuard kapena kolorini wogawidwa ndi a zaumoyo, motsatira muyezo womwe walembedwa.

THANZI, DIORALYTE NDI MKAKA WA MWANA

Gawo ili ndikupempha amayi ndi agogo omwe abwera kudzalera zidzukulu aliwerenge kawiri. Madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa mphamvu kwa wotsegula m'mimba apulumutsa ana osawerengeka padziko lonse. Amagwira ntchito chifukwa matumbo amayamwa mchere pamodzi ndi shuga, madzi n'kutsatira, koma izi zimatheka bwino ziwirizi zikakhala pa muyezo woyenera. Paketi ya muyezo womwe World Health Organization ndi UNICEF anavomereza mu 2002 ili ndi magalamu 2.6 a mchere, 13.5 a shuga, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a citrate. Mukaisungunula m'lita imodzi mumapeza sodium 75 mmol/L ndi shuga 75 mmol/L.

Msampha wake ndi uwu. Paketi ya mtundu umenewu, yomwe kumudzi timaidziwa ndi dzina loti Thanzi, ndi ya lita yathunthu. Paketi ya Dioralyte ya kuno ndi ya 200 ml, kapu imodzi basi. Dioralyte mukamuthira m'lita amasukuluka kasanu, sathandiza mokwanira. Koma choopsa kwambiri ndi chinacho: paketi ya lita mukaithira mu kapu ya 200 ml, sodium amakwera kufika 375 mmol/L. M'magazi a munthu sodium amakhala pakati pa 133 ndi 146. Madzi okolera chonchi amakoka madzi m'thupi la mwana m'malo momubwezera, ndipo akhoza kumukomola kapena kumuononga ubongo. Werengani paketi nthawi zonse. Ngati mulibe jagi ya muyezo, mabotolo awiri a madzi a 500 ml ndi lita imodzi. Musaonjezere shuga kapena Sobo kuti akome, ndipo musagawe paketi ndi maso.

Paketi ikasoweratu, muyezo wa pakhomo ndi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira, m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mukalawa asawawe mchere kuposa misozi. Koma uku n'kongodikirira, paketi ndiyo yabwino, ndipo khanda lotsegula m'mimba lionedwe ndi achipatala.

Mkaka wa m'chitini nawonso ndi chosungunula. Mitundu yambiri ya kuno ndi kasupuni kamodzi kosalaza pa 30 ml iliyonse ya madzi. Yambani kuthira madzi, owiritsa ndipo akadali otentha osachepera madigiri 70, kenako ufa, pogwiritsa ntchito kasupuni ka m'chitini chomwecho. Kuonjezera ufa kuti mwana akhute agone kumamubweretsera kudzimbidwa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Kuchepetsa ufa kuti chitini chikhalitse, poti ndalama zavuta, kumamunyentcheretsa. Ngati mkaka ukukuvutani kugula uzani health visitor wanu, palibe chamanyazi.

ZOTI MUZIKUMBUKIRA

Potchula zotsatira pafoni, tchulani nambala pamodzi ndi timalemba take. Kuli bwino kujambula pepala lonse kapena nkhope yonse ya kamakina kusiyana ndi kungolemba "shuga ndi 22".

Potumiza kamakina kumudzi, matani kapepala kumbuyo kwake konena kuti kakuyeza mu mmol/L, ndipo mulembepo ndi dzanja nambala zinayi zija. Wodwalayo akatenge popita kuchipatala kuti achipatala akaone okha.

Pepala la kulabu limakhala ndi malire a munthu wabwinobwino pambali pa nambala yanu. Yerekezani ndi malire a papepala lomwelo, osati a pepala la dziko lina.

Pa mankhwala amadzi, funsani mlingo mu mg ndi mu ml momwe. Botolo likasintha maonekedwe, werenganinso mphamvu yake ngakhale dzina lili lomwelo.

Yankho la masamu anu likaoneka lachilendo, monga mabotolo asanu a jakisoni mmodzi kapena theka la kapu kwa khanda, imani. Funsani mnzanu kapena wa ku famase. Pantchito pathu mankhwala oopsa timawerenga anthu awiri, ndipo palibe amene amaona ngati wanyozedwa.

Ngati mwana kapena wamkulu wamwa mlingo wopyola, musadikire zizindikiro ndipo musamusanzitse. Kuno imbani 111, kapena 999 ngati akuodzera modabwitsa, akupuma movutikira kapena wakomoka, ndipo tengani botolo lake popita kuchipatala.

Kamakina ka agogo aja pano kali ndi kapepala kumbuyo, ndipo mdzukulu uja akamatumiza uthenga amalemba kuti "8.1 mmol/L, asanadye". Sungani tsamba lino, mutumizirenso abale kumudzi.